Nyanga pamphuno, mchira pansi: mbiri ya zidole za madinosaur

Usiku wa pa 31 Disembala 1853, ku Sydenham, chakumwera kwa mzinda wa London, amuna pafupifupi 20 analandira chaka chatsopano akudya mgonero m'mimba mwa chilombo. Ena anali asayansi, ena eni ndalama, ena akonzi a nyuzipepala. Tebulo linayalidwa m'kati mwa chikombole chachikulu chomwe mmisiri Benjamin Waterhouse Hawkins ankaumbira chifanizo cha Iguanodon, nyama yomwe palibe munthu anaionapo ndi maso. Chakumutu kwa chikombolecho kunakhala Richard Owen, katswiri wa mafupa amene mu 1842 anasonkhanitsa mitundu itatu ya nyama zakale n'kuipatsa dzina limodzi loti Dinosauria.

Chaka chotsatira munda wa Crystal Palace utatsegulidwa, khwimbi la anthu linakhamukira kukaona zilombo za njerwa, zitsulo ndi simenti zitaima m'mbali mwa dziwe. Iguanodon wa Hawkins anali wojintcha, wa miyendo inayi yofanana, thupi lake la chipembere, ndipo pamphuno pake panali kanyanga. Hawkins anaumbanso tizifanizo ting'onoting'ono ta zilombo zomwezo, togulitsa kwa aphunzitsi kuti azionetsa ana. Malonda a zidole za madinosaur anayambira pomwepo, ndipo anayamba ndi cholakwa, pakuti kanyanga kaja sikanali nyanga ayi. Linali fupa la chala chamanthu.

Masiku ano kuli anthu, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ndevu zawo, amene amagula chidole cha dinosaur, n'kuchiika pambali pa zithunzi za mafupa enieni, n'kuyamba kuchizenga mlandu. Amawerenga zala, amayeza khosi, amasuzumira m'kamwa. Ntchitoyo ndi yabwino, koma woweruza wachilungamo amayamba ndi kuchigoneka chagada chidolecho. Pamimba pa zidole zambiri pamakhala dzina la nyama, dzina la kampani ndi chaka chomwe chikombole chinapangidwa. Chaka chimenecho ndiye mboni yoyamba. Nyama zimenezi zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, zina kale kwambiri kuposa apo, ndipo chidole sichingafanane ndi china chilichonse koma zomwe anthu ankakhulupirira panthawi yomwe chinkaumbidwa. Pali kulakwa kwa munthu amene anachita zonse zomwe umboni wa nthawi yake unkalola. Palinso kulakwa kwa munthu amene umboni anali nawo m'manja, koma anaona kuti bodza ndi lomwe likuyenda malonda. Awiriwa sayenera kulipitsidwa mofanana.

Hawkins ali m'gulu loyambalo. Iguanodon anapatsidwa dzina mu 1825 ndi Gideon Mantell, dokotala wa m'tauni yaing'ono ya Lewes, ndipo umboni wake unali mano ochepa ofanana ndi a buluzi wamkulu wa ku America wotchedwa iguana. Kenako kunapezeka mafupa ena, obalalika, osadziwika kuti ili linkalumikizana ndi liti. Pakati pake panali fupa losongoka. Popeza mitundu ina ya iguana ili ndi tinyanga pamphuno, kuliika pamenepo sikunali kupusa. Mantell yemweyo, asanamwalire mu 1852, anali atayamba kuona kuti miyendo yakutsogolo ya nyamayi inali yowonda kuposa yakumbuyo. Koma amene mawu ake ankamveka pa ntchito ya ku Crystal Palace anali Owen, mdani wake wa nthawi yaitali, ndipo Owen ankafuna zilombo zoima nji pa miyendo inayi.

Mlandu wa nyangawo unatha mu 1878. Anthu okumba malasha ku Bernissart m'dziko la Belgium, ali mamita 322 pansi pa nthaka, anagunda zinthu zomwe poyamba ankayesa mitengo yodzaza golide. Anali mafupa a Iguanodon olowedwa ndi mwala wonyezimira wotchedwa pyrite, ndipo sanali a nyama imodzi. Zinatuluka zigoba pafupifupi 30, zambiri zathunthu, fupa lililonse lili pamalo pake. Louis Dollo, amene anapatsidwa ntchito yozifufuza, anachotsa nyanga pamphuno n'kuibwezera kudzanja. Koma poimika zigobazo anatengera kaimidwe ka kangaroo ndi ka mbalame zikuluzikulu zosauluka: mutu m'mwamba, msana chilili, mchira pansi kukhala mwendo wachitatu. Kaimidwe kameneka kanalamulira mabuku, makanema ndi zidole kwa zaka pafupifupi 100. Mu 1980 David Norman atapendanso mafupa omwewo, anasonyeza kuti mchira wa Iguanodon unali womangika ndi minyewa yomwe inasanduka fupa, wowongoka, wosapindika chisawawa. Kuti nyamayo iime monga Dollo anaiimikira, mchira unkayenera kuthyoka. Zigobazo zikadali chiimire momwemo mpaka lero m'magalasi ku Brussels, chifukwa mafupa ake ndi osachedwa kuphwanyika moti kuwaimika mwatsopano n'kuwaononga.

Chilombo chomwe mwana aliyense amachidziwa, Tyrannosaurus rex, chinadutsa njira yomweyo. Barnum Brown anafukula mafupa ake ku Montana mu 1902, Henry Fairfield Osborn anachitcha dzina mu 1905, ndipo mu 1915 chigoba chake chinaimikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya American Museum of Natural History ku New York, chili chilili, mchira ukukwekwereza pansi. Chinakhala choncho mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Zithunzi zoyambirira zinachipatsa zala zitatu kudzanja lililonse, pobwereka kwa Allosaurus, chifukwa mkono wake wathunthu sunapezeke kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Zala zinali ziwiri. Wojambula Charles R. Knight ndiye anaveka mafupa a ku New York ndi ku Chicago mnofu ndi khungu, ndipo luso lake linali lalikulu moti amene anabwera pambuyo pake sankayang'ananso mafupa, ankangokopera zithunzi zake.

Nkhani ya Brontosaurus ndiye yochititsa manyazi kuposa zonse. Othniel Charles Marsh, amene anali pa mpikisano woopsa ndi mnzake Edward Drinker Cope wotchula mitundu yatsopano, anatcha nyama ina Apatosaurus mu 1877, ina Brontosaurus mu 1879. Mu 1903 Elmer Riggs ananena kuti ziwirizi ndi nyama imodzi, ndipo malamulo a asayansi amati dzina loyamba ndilo likhale. Anthu wamba sanamvere. Dzina la Brontosaurus linali lokoma pakamwa, ndipo linapitirira kulembedwa pamimba pa zidole. Vuto lalikulu linali mutu. Zigoba zoyamba zinapezeka zopanda chigaza, ndiye oimika anapanga mutu wofupika, wokhuthala, potengera nyama ina yotchedwa Camarasaurus. Mutu weniweni, wautali ndi wa mano owonda, unadzafukulidwa n'kusungidwa ku Carnegie Museum mumzinda wa Pittsburgh, koma unangokhala m'nkhokwe. John McIntosh ndi David Berman ndi amene anatsimikiza m'zaka za m'ma 1970 kuti mutuwo ndi wa Apatosaurus, ndipo mu 1979 chigoba cha ku Pittsburgh chinavulidwa mutu wa eni n'kuvekedwa wakewake. Ndiye mu 2015, asayansi atatu, Emanuel Tschopp, Octávio Mateus ndi Roger Benson, atayerekeza mafupa ambiri mosamala, anati Brontosaurus ndi wosiyanadi ndi Apatosaurus ndipo dzina lake libwerere. Chidole chakale chomwe kwa zaka zambiri chinkasekedwa chifukwa cha dzina chinapezeka kuti dzina chinalondola. Mutu wokha ndi umene unakhalabe wolakwa.

Zaka za pulasitiki

Zomwe zinalowetsa madinosaur m'nyumba za anthu si sayansi koma mafuta a galimoto ndi magazini. Kampani ya mafuta ya Sinclair inasankha Brontosaurus kukhala chizindikiro chake, ndipo inaonetsa zifanizo zikuluzikulu pa chionetsero cha ku Chicago mu 1933. Pa chionetsero cha ku New York cha 1964 ndi 1965 inaika makina omwe munthu akaponyamo ndalama yachitsulo ankamuumbira kadinosaur ka pulasitiki iye akuona, n'kukatulutsa kakadali kotentha. Ku Yale, Rudolph Zallinger anatha zaka za pakati pa 1943 ndi 1947 akujambula pakhoma chithunzi chotalika mamita oposa 30 chotchedwa The Age of Reptiles, ndipo mu 1953 magazini ya Life inachifikitsa kwa anthu mamiliyoni. M'chithunzicho Brontosaurus ali m'dambo, madzi akumuthandiza kusenza thupi, chifukwa panthawiyo ankakhulupirira kuti nyama yolemera choncho singayende pamtunda. T. rex waima chilili, mimba ili phwii.

Kampani ya zidole ya Louis Marx inatenga zilombo za Zallinger m'zaka za m'ma 1950 n'kuzisandutsa tizidole totsika mtengo. T. rex wa mimba yaikulu uja anatuluka momwemo. Apa mpamene panayambira chizolowezi chomwe sichinathe mpaka lero, chothira chilichonse chakale m'thumba limodzi n'kulembapo kuti madinosaur. M'thumbamo mumakhala Dimetrodon, wa chinsalu pamsana uja, amene si dinosaur konse. Anatha zaka mamiliyoni makumi angapo dinosaur woyamba asanaoneke, ndipo pa ubale ali pafupi ndi nyama zoyamwitsa, ife tomwe, kuposa ndi T. rex. Mumakhala Pteranodon wouluka ndi zilombo za m'nyanja za makosi aatali, zomwenso si madinosaur. Nthawi zina mumakhala ngakhale kamunthu konyamula chibonga. Ndipo mwana akamamenyanitsa Stegosaurus ndi T. rex pakhonde, akugwirizanitsa nyama zomwe sizinaonanepo. Stegosaurus anakhalako zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo, T. rex zaka 68 mpaka 66 miliyoni. Mpata wa pakati pa awiriwa ndi waukulu kuposa wa pakati pa T. rex ndi mwanayo.

N'chifukwa chiyani zidole za mchira wokwekwereza zikupezekabe m'masitolo ndi pa kaunjika, patatha zaka zonsezi? Yankho lili m'chikombole. Chikombole chachitsulo chothiramo pulasitiki chimadya ndalama zambiri pochipanga, koma chikapangidwa chimatulutsa zidole zosawerengeka kwa zaka makumimakumi. Kampani ikatha, zikombole zake zimagulidwa ndi ena. Enanso sagula n'komwe, amangotenga chidole cha mnzawo n'kuumbirapo chikombole chawo, ndipo aliyense wokopera amataya kena kake, mpaka mano amasanduka mzere umodzi ndipo zala sizidziwikanso kuti ndi zingati. Zidole zambiri zotchipa zomwe zinkachokera ku Hong Kong, kenako ku China, ndi zidzukulu za zidole za Marx, zomwe zinabadwa ku chithunzi cha Zallinger, amene anatsata mapazi a Knight. Mwana wa lero atha kukhala akuseweretsa sayansi ya 1915.

Kusintha kunayambira ku Montana komweko. Mu 1964 John Ostrom wa ku Yale anapeza mafupa a nyama yodya zinzake, yopepuka, ya chikhadabo chachikulu chopindika pa chala chachiwiri cha phazi, ya mchira wolimba wothandiza kukhota pothamanga. Anaitcha Deinonychus mu 1969, ndipo wophunzira wake Robert Bakker anaijambula ili pa liwiro, mchira uli m'malere. Nyama yotere singakhale yaulesi, yodikira dzuwa kuti itenthetse magazi. Ostrom anaonanso kuti mafupa ake akufanana kwambiri ndi a mbalame yakale ya Archaeopteryx. Ena anakumbutsa anzawo chinthu chomwe chinali poyera nthawi yonseyi, kuti pa miyala pomwe pali zidindo za mapazi a madinosaur, mzere wa mchira wokwekwereza supezeka kawirikawiri. Thupi linkakhala chopingasa, mutu kutsogolo, mchira kumbuyo, kulemera konse kuli pachiuno.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale zinayamba kufuna zidole zoti zisamachite nazo manyazi. Kuyambira mu 1974 kampani ya Invicta Plastics ya kufupi ndi Leicester inapangira nyumba ya Natural History ya ku London zidole za mtundu umodzi, zopanda utoto, zambiri pa mlingo umodzi wa 1:45, kuti mwana akaziika pamodzi aone yekha kuti chachikulu ndi chiti. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Safari Ltd inagwirizana ndi Carnegie Museum, ndipo zidole za Carnegie Collection, zoumbidwa ndi Forest Rogers asayansi akuyang'anira, zinapitirira kutuluka mpaka 2015. Zina ankaziumbanso mwatsopano umboni ukasintha.

Komatu pali malire omwe ngakhale woumba wabwino sangawadumphe. Chidole chiyenera kuima patebulo. Nyama yamoyo ya miyendo iwiri imaima chifukwa minofu ikugwira ntchito nthawi zonse, pomwe pulasitiki ilibe minofu, ndipo ikatenthedwa miyendo imapindika. Ndiye woumba amakulitsa mapazi, kapena amatsitsa nsonga ya mchira kuti igunde pansi, kapena amaika kamtengo koonekera pansi pa chifuwa. Malamulo oteteza ana amafunanso kuti mano, nyanga ndi zikhadabo zikhale zobuntha. Zimenezi n'zokhululukika, ndipo woweruza wokwiya nazo sanagwirepo dongo.

Mu 1993 kanema wa Steven Spielberg, Jurassic Park, anachita m'miyezi yochepa zomwe asayansi analimbana nazo zaka zoposa 20. Anaonetsa dziko lonse T. rex wothamanga, msana chopingasa, mchira m'mwamba, ndipo kuchokera chaka chimenecho mchira wokwekwereza unayamba kuoneka wachikale ngakhale kwa ana. Pamenepa kanemayu ayamikidwe. Koma anabwera ndi mabodza ake atsopano, ndipo kampani ya Kenner, yomwe inali ndi chilolezo cha zidole zake, inawathira m'chikombole. Dilophosaurus anapatsidwa chikopa chotambasuka m'khosi ndi malovu a ululu. Palibe fupa losonyeza chimodzi mwa ziwirizi, ndipo nyama yeniyeniyo inali yaitali mamita 6 kapena 7, osati kanthu kokwana pampando wa galimoto. Velociraptor weniweni, wa ku Mongolia, anali wa mamita awiri, gawo lalikulu mchira, wolemera makilogalamu pafupifupi 15, ndipo sankafika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Wa m'kanema uja ndi Deinonychus wokulitsidwa, wovekedwa dzina la mnzake.

Kusowa kwa nthenga mu 1993 sitingakuzenge mlandu. Dinosaur woyamba wopezeka ndi nthenga zake, Sinosauropteryx, anadziwika mu 1996 kuchokera m'chigawo cha Liaoning ku China, komwe phulusa la mapiri ophulika linasunga ngakhale zinthu zofewa. Pambuyo pake anatuluka ambiri. Mu 2007 pa fupa la mkono wa Velociraptor panapezeka timfundo tating'ono tondandalikana, tofanana ndi tomwe pa mbalame za lero ndi pomwe nthenga zazikulu za phiko zimamera. Kuyambira chaka chimenecho, aliyense woumba Velociraptor wosalala, wa khungu la buluzi, akuchitira dala. Kanema wa Jurassic World wa 2015 anamusiyabe wopanda nthenga chifukwa ndi momwe ogula anamuzolowerera, ndipo zidole zake zinatsatira. Chimenechi ndiye chitsanzo chenicheni cha kulakwa kwachiwiri kuja.

Nthengazo zinasokonezanso ena mbali inayo. Mu 2012 kunalengezedwa Yutyrannus, wachibale wa T. rex wotalika mamita 9, wokutidwa ndi nthenga zonga ubweya, ndipo oumba ena anathamangira kuveka T. rex yemwe nthenga thupi lonse. Mu 2017 kafukufuku wa zidutswa za khungu la T. rex, za pakhosi, pachiuno ndi pamchira, anasonyeza timamba ting'onoting'ono. Lero chidole cha T. rex wa mamba sichingatsutsidwe, ndipo cha nthenga zochepa pamsana sichingatsutsidwenso.

Nanga utoto? Kale tinkauzidwa kuti mtundu wa madinosaur sudzadziwika konse. Koma m'nthenga zosanduka mwala mumatsala tinthu tosunga mtundu totchedwa melanosome, toonekera pa makina okulitsa zinthu, ndipo kaumbidwe kake kamasiyana pakati pa nthenga yakuda ndi yofiirira. Mu 2010 zinadziwika kuti Sinosauropteryx anali wofiirira, wa mizere yozungulira mchira, ndipo Anchiornis anali wakuda motuwira, wa mizere yoyera pa mapiko ndi nthenga zofiira pamutu. Mu 2012 Microraptor anapezeka kuti anali wakuda monyezimira, mtundu wa khwangwala. Pa nyama zochepa zimenezi wopaka utoto alibenso ufulu. Pa zotsalazo akadali nawo, ndipo T. rex wobiriwira sanalakwe kuposa wotuwa.

Woweruza wodziwa ntchito yake amayamba ndi manja. Madinosaur odya nyama sankatha kutembenuzira zikhatho pansi kapena kumbuyo, chifukwa mafupa awiri a mkono wawo sankapingasana monga athu amachitira. Zikhatho zinkayang'anana, ngati za munthu wofuna kuwomba m'manja. Chidole cha manja olendewera, zikhatho zitaloza pansi, chakopera Jurassic Park. Akachoka apo amapita ku mapazi a zimphona za makosi aatali, zomwe oumba aulesi amangozipatsa mapazi a njovu okhala ndi zikhadabo zozungulira. Phazi lakutsogolo linali mafupa oimirira, ondandalikana mokhota, ndipo mwa zambiri chikhadabo chinali chimodzi chokha, cha chala chamanthu. Lakumbuyo ndilo linali ndi zikhadabo zikuluzikulu, kawirikawiri zitatu. Mphuno nazo zinkaikidwa pamwamba pa mutu, poganiza kuti nyamazo zinkapuma zili m'madzi, kufikira Lawrence Witmer atasonyeza mu 2001 kuti pa nyama zamoyo bowo la mphuno limakhala chakutsogolo, kufupi ndi pakamwa.

Pali nthenda inanso yomwe inabwera ndi oumba okonda sayansi mopitirira. Pofuna kuonetsa kuti mafupa akuwadziwa, ankamata khungu pa chigoba popanda mnofu kapena mafuta, nthiti zonse zikuwerengeka, mabowo a chigaza akuonekera, nyama ili ngati ng'ombe ya chaka cha chilala. Buku la All Yesterdays, la John Conway, C. M. Kosemen ndi Darren Naish, linadzudzula khalidweli mu 2012, ndipo zidole zabwino za masiku ano, monga za PNSO ya ku China kapena CollectA, zimakhala zonenepako. Za milomo mkangano ukadalipo. Mu 2023 Thomas Cullen ndi anzake analemba m'magazini ya Science kuti mano a T. rex ankabisika m'milomo monga a ng'azi, osati kukhala pamtunda monga a ng'ona. Asayansi ena sanavomereze. Pamenepa woweruza ayenera kuugwira mtima.

Palibe nyama yomwe yaluzitsa opanga zidole ngati Spinosaurus. Mafupa ake oyamba anafukulidwa ku Bahariya m'chipululu cha Egypt mu 1912, ndipo Ernst Stromer wa ku Germany anawafotokoza mu 1915. Mu Epulo 1944 mabomba a ndege za Britain anagwera nyumba yomwe ankasungidwamo ku Munich, mafupawo n'kutheratu, kutsala zithunzi ndi zolemba. Kwa zaka zambiri oumba ankangotenga thupi la T. rex kapena Allosaurus n'kumatapo chinsalu pamsana. Kenako zinadziwika kuti mutu wake unali wautali, wonga wa ng'ona, ndipo kanema wa Jurassic Park III wa 2001 anamuonetsa chotero, ali ndi miyendo itali-itali. Mu 2014 Nizar Ibrahim ndi anzake, pogwiritsa mafupa atsopano a ku Kem Kem m'dziko la Morocco, anati miyendo yakumbuyo inali yaifupi modabwitsa. Makampani anaumba zatsopano. Mu 2020 gulu lomwelo linatulutsa mchira, ndipo unali wophwatalala, wotambalala kuchokera pamwamba kufika pansi, woyenera kupalasa madzi. Zidole zomwe zinali za makono zaka zisanu m'mbuyomo zinakalamba tsiku limodzi, popanda woumba aliyense kulakwa.

Africa ili m'thumba la zidolezi kuposa momwe ogula amadziwira. Chidole cholembedwa kuti Brachiosaurus, cha khosi loloza kumwamba ndi chotupa pamphumi, nthawi zambiri chimaumbidwa potengera chigoba chachikulu choima mumzinda wa Berlin, chotalika mamita oposa 13. Mafupa ake anachokera ku Tendaguru, kufupi ndi Lindi m'dziko la Tanzania, komwe pakati pa 1909 ndi 1913 anthu akumeneko mazanamazana, motsogozedwa ndi kapitawo Boheti bin Amrani, anafukula mafupa olemera matani oposa 200 n'kuwasenza wapansi mpaka kudoko, kuti Ajeremani awatengere kwawo. Brachiosaurus weniweni ndi wa ku Colorado, ku America. Mu 2009 Michael Taylor anasonyeza kuti wa ku Tanzania ndi mtundu wina, ndipo dzina lake ndi Giraffatitan.

Kuno kwathu nkhani yomweyi ili ku Karonga. Mafupa omwe Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, anatola m'derali anafotokozedwa ndi Sidney Haughton mu 1928 pa dzina loti Gigantosaurus dixeyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Texas, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, anafukula mafupa ena ambiri ku Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 iye, Dale Winkler, William Downs ndi Elizabeth Gomani anaipatsa nyamayi dzina loti Malawisaurus dixeyi. Inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo chigoba chake choimikidwa ndicho chimakopa alendo ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004.

Woumba amene angafune kupanga chidole cha Malawisaurus ali ndi mwayi womwe Marsh analibe. Nyamayi ili m'gulu la zimphona zotchedwa titanosaur, zomwe zambiri zimapezeka zopanda mutu chifukwa chigaza chake n'chopyapyala, koma ya ku Karonga inasiya zidutswa za chigaza, nsagwada ndi mano, kuphatikiza mafupa a khosi, msana, mchira ndi miyendo. Zidutswazo zikusonyeza nkhope yofupika, yokwera chakutsogolo. Woumba akaipatsa mutu wautali wosongoka, wabwereza cholakwa cha ku Pittsburgh mozondotsa. Mutu wautaliwo uli ndi mwini wake m'miyala yomweyo. Mu 2005 mayi Gomani anafotokoza chimphona chachiwiri, cha nsagwada yaitali ndi mano owonda, n'kuchitcha Karongasaurus gittelmani. Chimenechi chimadziwika ndi fupa la nsagwada yam'munsi ndi mano basi. Amene angaumbe Karongasaurus wathunthu adzabwereka kwa achibale ake a kumaiko ena chilichonse kuyambira pakhosi mpaka kunsonga ya mchira, ndipo utoto wa nyama ziwiri zonsezi adzasankha yekha.